Achimwene, ayisikirimu si tchimo

Loweruka lapitali mwana wa achemwali anga anapanga ayisikirimu ku Masambanjati konko, kumene msewu wochokera pa Thyolo boma umapinda uku ndi uku ngati njoka usanakafike ku Thekerani. Ndi mtsikana amene analemba Fomu 4 chaka chatha, ndipo mpaka lero akungodikira kuti moyo umuuze kolowera.

Anatola nthochi za kabuthu zimene zinali zitachita mawanga akuda, zimene amayi ake ankati akaponyere nkhumba. Anazisenda, anazidula timagawo, n'kukapempha kamalo mu firiji ya pa golosale ina pamsika. M'mawa mwake anabwereka blenda kwa aphunzitsi ena oyandikana nawo, anathiramo nthochi zoundanazo ndi kamkaka kowiritsa pang'ono, n'kudina batani. Zimene zinatuluka m'menemo anagawira ana asanu ndi awiri, m'makapu a tiyi, chifukwa mbale za ayisikirimu kwathu kulibe. Kenako anajambula n'kuponya pa gulupu ya banja ya WhatsApp, mukudziwa mmene achitira ana akakondwa.

Sipanapite nthawi, achimwene athu aakulu, amalume ake a mwanayo, mwinimbumba weniweni, anayankha ali ku Lilongwe: "Feteleza wakwera, chimanga chakwera, anzanu akusaka maganyu, inu muli kalikiliki kusewera ndi nthochi. Zachizunguzi zikuthandizani chiyani?"

Mwana uja anafufuta chithunzi chija. Sanayankhe kanthu, anangofufuta. Ine pagulupu paja sindinalankhule, poti kwathu sitikangana ndi aakulu ana akuona. Koma mtima wakhala ukundiwawa sabata yonse, ndiye ndilankhulira pano. Achimwene, pepani, munalakwitsa. Ndipo si inu nokha. Alipo ambiri oganiza ngati inuyo, ena ali m'maofesi, ena pa guwa, ena ndi anzanga a msinkhu wanga omwe amene akuwerenga izi pafoni.

Maganizo ake ndi akuti munthu wakumudzi ayenera kufuna zinthu zitatu basi: nsima, ndiwo ndi mankhwala a malungo. Akafuna china choposa apo ndiye kuti wayamba matama, waiwala kwawo. Kukoma kwa pakamwa ndi kwa anthu a m'tauni. Wosauka akaseka ndiye kuti sakudziwa mavuto ake, tiyenera kumukumbutsa. Eti mwana wa ku Masambanjati sakudziwa kuti feteleza wakwera? Amene amapita kukaima pamzere wa makuponi ndi amayi ake ndi ndani? Amene wakhala pakhomo chaka chathunthu chifukwa ndalama ya koleji palibe ndi ndani? Mavutowo akuwadziwa kuposa ife amene timawawerenga pa Facebook. Tsiku limodzi lokha wapanga kanthu kokoma ndi manja ake, ife n'kumuthira madzi ozizira.

Tiyeni tikambe za Thyolo weniweniyo, poti mwina ena mwaiwala chimene chimayendetsa boma limeneli. Mukangodutsa Bvumbwe, maso anu amadzaza ndi minda ya tiyi, yobiriwira mpaka kumapiri. Makwasa, Conforzi, Naming'omba, Satemwa imene inayamba mu 1923. Amayi athu, azakhali athu, agogo athu akhala akudzuka kusanache, dengu kumsana, kuthyola masamba awiri ndi kansonga, mvula ikugwa, mame akunyowetsa mpaka m'chiuno. Tiyi ameneyo amakagulitsidwa ku okushoni ku Limbe, wambiri n'kutuluka kunja. Tsono ndifunse: alipo munthu anafa chifukwa chosamwa tiyi? Tiyi si nsima. Tiyi ndi chinthu chongosangalatsa pakamwa. Boma lathu lonse lakhala zaka zoposa 100 likutuluka thukuta kuti munthu wina ku London apumule ndi kapu m'manja. Zimenezo palibe amazitcha masewera. Timazitcha chuma cha dziko, timazitcha ndalama zakunja, nduna zimavala masuti kukaziyendera.

Mtedza wa makadamiya umene uli mbwee m'maesiteti omwewo nawonso umapita kunja, kumene amakauika m'mabisiketi, m'chokoleti, ngakhale mu ayisikirimu amene. Ndiye kuti Thyolo ali kale mu ayisikirimu wa anthu ena. Zikakhala za pakamwa pa mlendo ndi bizinesi yolemekezeka. Zikakhala za pakamwa pa mwana wa wothyola tiyi, ndi kusewera. Maganizo amenewa sanayambe ndi inu, achimwene. Ndi otsala a nthawi ya thangata, pamene munthu wakuda ankaonedwa ngati manja ndi msana basi, lilime alibe. Chomvetsa chisoni n'chakuti lero safunikanso kapitawo woti atikumbutse. Tikukumbutsana tokha pa WhatsApp.

Komanso mawu oti "zachizungu" aja andiseketsa. Chachizungu ndi chiyani pamenepa? Nthochi? Mkaka wa ng'ombe ya m'khola la a neba? Agogo athu aakazi sankataya nthochi yofewa. Ankaisinja ndi ufa n'kukazinga zitumbuwa. Ankaphika chigumu m'poto, makala pansi makala pamwamba. Ndipo tamverani dzina lina limene anapatsa chigumucho: chikondamoyo. Anthu amene ankagona pamphasa, kumwa madzi a pachitsime, kulima ndi khasu la m'manja, anapanga chakudya chosati chokhutitsa koma chokondweretsa, n'kuchitcha dzina loti wodya akonde moyo. Iwowo sankaona ngati umphawi ndi chifukwa choti munthu asamve kukoma. Thobwa amaphika kuti anthu asafe ndi njala? Chimene wachita mwana uja ndi chomwecho chimene ankachita agogo ake: waona nthochi ikupita kowonongeka, waibweza n'kuisandutsa chisangalalo. Chasintha ndi chipangizo chokha. Agogo anali ndi mtondo, iye wabwereka blenda.

Ndipo popeza ena mukuganiza kuti ndi zamatsenga kapena zodula, ndikuuzeni mmene zimakhalira, kuti muone kuti tikukanganirana kanthu kakang'ono bwanji. Mumatenga nthochi zinayi kapena zisanu zakupsa kwambiri, za mawanga zija zimene ogulitsa amatsitsa mtengo madzulo. Kabuthu kapena sukali, zonse zimatheka. Musende kaye musanaziike mu firiji, chifukwa nthochi ikaundana ndi khungu lake mudzalimbana nayo ngati mwala. Dulani timagawo, ikani m'pepala la pulasitiki loyera kapena m'kontena, zigone usiku wonse m'chipinda choundanitsa chija. M'mawa zitulutseni, zikhale panja mphindi zingapo kuti zifewe pang'ono, apo ayi mupsereza blenda ya eni ake n'kuyambitsa mlandu. Thiranimo mkaka wosapitirira theka la kapu. Mkakawo ukhale wowiritsa ndi wozizira. Wa kukhola osawiritsa ayi, muli matenda amene amachoka ku ng'ombe kubwera kwa munthu, TB ndi amodzi mwa iwo. Kenako gayani pang'onopang'ono, kudina n'kusiya, kudina n'kusiya. Poyamba zimaoneka ngati miyala ya mumsewu, mumayamba kukayika. Kenako zimakhala ngati phala lolimba. Mukapirira pang'ono zimangosintha mwadzidzidzi n'kukhala zosalala, zoti supuni ikaima siigwa.

Shuga safunika. Nthochi ikamapsa, chakudya chokhutitsa chili m'kati mwake chimasanduka shuga, n'chifukwa chake yamawanga imatsekemera kuposa yachikasu bwinobwino. Shuga yemweyo ndi amene amachititsa kuti isaume gwa ngati madzi oundana, ndipo blenda imaphwanya timiyala ta ayisi kukhala tating'onoting'ono n'kulowetsamo mpweya. Kusalala kumene mumalipira ndalama zambiri m'tauni ndi kumeneko basi: ayisi wosweka bwino ndi mpweya. Mukafuna, onjezerani supuni ya chiponde, kapena mango, kapena nanazi, kapena peyala. Mwana uja akuti ulendo wina akufuna awiritse masamba a tiyi mumkakamo kaye, ausefe, kuti ayisikirimuyo anunkhire kwawo. Chenjezo limodzi lokha: magetsi akathima n'kusungunuka, idyani nthawi yomweyo kapena mutaye. Chamkaka chikasungunuka n'kufunda, osachibwezeranso mu firiji kuti mudye mawa. M'mimba simunamizidwa.

Ndiye taonani. Nthochi zimene zikanapita kwa nkhumba, theka la kapu ya mkaka, ndi magetsi a mphindi zitatu. Feteleza wa ndani amene wawonongeka pamenepa?

Koma sindikufuna kunama kuti zonse zili bwino, ndipo apa ndi pamene ine ndi achimwene tikanagwirizana akanakhala kuti mkwiyo wawo anaulozetsa koyenera. Funso loyenera si lakuti mwanayu akupangiranji ayisikirimu. Funso ndi lakuti, zitheka bwanji kuti ku Masambanjati, kwawo kwa nthochi, m'boma la mkaka, kupanga kanthu kophweka chonchi kukhale nkhani yoti mpaka ajambule?

Yambani ndi nthochi. Amene munakula zaka za m'mbuyomu mukukumbuka malole odzaza mikoko ya nthochi akutsika kuchokera ku Thekerani, Molere ndi Masambanjati kupita ku Limbe, ku Blantyre mpaka ku Lilongwe. Nthochi zinamanga nyumba za malata, zinalipira sukulu, zinakwatitsa anthu. Kenako kunabwera chisaka. Ndi matenda a kachilombo amene amafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi komanso ndi mbewu yotengedwa ku munda wodwala. Masamba amatuluka ang'onoang'ono, oimirira, othinana pamwamba ngati tsache, mtengo umapinimbira, mkoko osabereka. Mankhwala ake palibe. Njira ndi kuzula phata lonse, kuliwononga, n'kudzala mbewu yopanda matenda ngati imene amachulukitsa ku malo a kafukufuku a Bvumbwe. Minda yambiri ya ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay inatheratu, ndipo dziko limene linkadya nthochi zake linayamba kugula za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Lero anthu ena adzalanso, nthochi zikubwerera pang'onopang'ono. Ndiye nthochi imene yapulumuka zonsezi, yapsa, ogula sanabwere, ikuwola pamsika chifukwa palibe poisunga, inu mukuti kuiundanitsa ndi kusewera? Kusewera ndi kuisiya iwole.

Bwerani ku mkaka. Thyolo ndi limodzi mwa maboma amene amatulutsa mkaka wambiri m'dziko muno. Pitani ku Bvumbwe kapena ku Goliati m'mamawa mukaone njinga zonyamula zigubu zikuthamangira ku malo oziziritsira mkaka a magulu a alimi, amene ambiri ali pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association. Kuchoka apo mkaka umakwera thanki kupita ku mafakitale a m'tauni. Ukabwerako uli m'paketi, uli yogati, uli ayisikirimu wa m'kontena, pa mtengo woti mlimi amene anadzuka 4 koloko kukamweta udzu wa ng'ombeyo sangaufike. Mwana wake amadziwa fungo la khola, kukoma kwa zotuluka m'kholamo amakumva kwa anzake. Ndi nkhani ya tiyi yomwe ija, yangovala malaya ena. Timatulutsa, ena amakometsa, ife n'kumaonera pa galasi la shopu. Tsono mtsikana mmodzi wadumpha mzere wonsewo, watenga mkaka wa pamudzi ndi nthochi ya pamudzi n'kumalizitsa yekha pamudzi pomwepo. M'mabuku a zachuma amalemba mitu yathunthu za kuwonjezera phindu pa zokolola. Akachita mwana wa mlongo wanu mukuti zachizungu.

Kenako magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 alionse m'Malawi muno, pafupifupi 11 okha ndi amene ankaunikira ndi magetsi, ndipo ambiri mwa amenewo ndi a m'tauni. N'chifukwa chake mwana uja anachita kupempha firiji pa golosale, blenda kwa aphunzitsi. Ngakhale amene ali ndi waya pakhoma sagona tulo. Mukukumbuka mu January 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, mafiriji anasanduka makabati osungiramo mbale. Amayi a mafirizesi, amene amalipira fizi ndi timapaketi ta malambe tozizira tija, anaona bizinesi ikusungunuka m'manja. Ngati mukufuna kukwiya, achimwene, kwiyani apa. Kwiyani kuti dziko lili ndi zaka zoposa 60 likudzilamulira koma kuzizira kwa madzi kukadali chinthu chopempha kwa a neba. Osati kukwiyira mwana amene wapeza njira yodutsira pakati pa mavutowo.

Ndipo musaganize kuti ayisikirimu anabadwira mu firiji. Anthu ankamudya kalekale magetsi asanafike m'nyumba. Mu 1843 mayi wina wa ku Philadelphia, Nancy Johnson, analembetsa kachipangizo kopukusa ndi dzanja: chitini cha mkaka m'kati mwa ndowa yodzaza ayisi ndi mchere. Mchere ukasakanikirana ndi ayisi, kuzizira kwake kumatsika kuposa kwa ayisi payekha, mpaka mkaka uli m'chitinimo umaundana. Inunso mutha kuyesa: kachitini kotseka bwino m'kati mwa chitini chachikulu, ayisi wogula pamsika, mchere wa m'mbale wokwanira dzanja, n'kumagubuduza kapena kukhutchumula mpaka manja atatopa. Mayi ameneyo dzina lake likukumbukidwa mpaka lero. Akanakhala wa pagulupu yathu ija, bwenzi atauzidwa kuti asiye kusewera akatunge madzi.

Ndikudziwa chimene ena munene. Muti, iwe ukulankhula chifukwa wakhuta. Kuli mabanja amene agona ndi njala usiku uno, ndipo kuonetsa ayisikirimu pamaso pawo ndi chipongwe. Njala ndi yeniyeni, sindikutsutsa. Namondwe Freddy atadutsa mu March 2023 tinaona ndi maso athu minda itakokoloka m'mapiri a kum'mwera kuno, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November chaka chomwecho palibe thumba limene silinabooke. Koma tandiuzeni, mwana uja atafufuta chithunzi chija, ndi banja liti limene linakhuta? Ndi thumba liti la feteleza limene linatsika mtengo? Chimene chinachitika n'chimodzi chokha: mtsikana amene anayesa kanthu waphunzira kuti kuyesa kumabweretsa manyazi. Ulendo wina akadzaganiza zoyamba kabizinesi, adzayamba wamva mawu a amalume ake m'mutu. Timadandaula kuti achinyamata a masiku ano ndi aulesi, angodikira boma, angofuna kuthawira ku Johannesburg. Koma akangotukula mutu timawakhoma ndi chipande. Ndiye tikufuna chiyani kwenikweni?

Komanso tisanamizane, dzudzulo limeneli silipita mbali zonse. Ana a achimwene anga omwewo ndawaona pa status, Lamlungu akatuluka kutchalitchi, ali pa Gateway Mall, aliyense kakoni m'manja, chibwano chili mbuu. Palibe analemba pansi pake kuti feteleza wakwera. Tonse tinaika timitima. Ndiye kuti vuto si ayisikirimu. Vuto ndi amene akudya, ndi kumene akudyera. Wa ku Area 47 akadya ndi Lamlungu labwino. Wa ku Masambanjati akadya ndi kusowa nzeru. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero pamaliro ndi paukwati. Nanga pa kapu ya ayisikirimu mwambiwu umatha ntchito?

Sindikunena kuti blenda ipulumutsa Thyolo. Mwina mwana uja sadzagulitsa ngakhale kapu imodzi. Mwina adzatopa nazo mwezi wamawa n'kuyamba zina. Zilibe kanthu. Sikuti chilichonse chimene wosauka wachita chiyenera kukhala pulojekiti kuti chiloledwe. Ana asanu ndi awiri aja ananyambita makapu mpaka kuwala, wamng'ono kwambiri analira chifukwa mano anachita dzanzi, kenako anapempha wina. Zimenezo pazokha n'zokwanira. Koma ngati mukufunadi za phindu, ganizirani izi: pa Masambanjati tsiku la msika kumatentha, anthu amatsika m'maminibasi ndi pa kabaza kukhosi kuli gwa, nthochi zamawanga zili pansi mtengo wogwa, mkaka uli m'makola. Chikusowa ndi firiji yodalirika ndi munthu woti anene kuti pitiriza, mwana wanga.

Ine ndamuimbira dzulo. Ndamuuza kuti Loweruka likubwerali apangenso, ndipo ajambule, aponye pagulupu pomwe paja. Anaseka mwamanyazi n'kufunsa kuti, "Nanga amalume?" Ndamuuza kuti amalume ake ndi achimwene anga, ndithana nawo ndine.

Ndiye achimwene, ndikudziwa kuti muwerenga, chifukwa pali wina pabanja pathu amene sachedwa kutumiza malinki. Sindinakunyozeni, ulemu wanu uli pomwepo. Munatilera, munatilipirira sukulu ena a ife, ndipo mantha anu ndikuwamvetsa: munakula mukuona kuti kulakwitsa kamodzi kokha kumagwetsa banja lonse. Koma mwana uja sanalakwitse. Mwezi ukatha, m'malo mwa ulaliki, mutumizireni ya blenda yakeyake pa Airtel Money, asamachite kubwereka. Ndipo pa Khirisimasi mukabwera kumudzi musadye kaye kanthu panjira. Kapu yanu ya tiyi ija, yaikulu ya maluwa imene amayi amakusungirani, tikuikirani momwemo.